Udokotala wa banja: chimene chimakopa ophunzira ndi chimene chimawabweza

JOHANNESBURG – Sukulu zophunzitsa udokotala za kum'mwera ndi pakati pa Africa tsopano zikutulutsa madokotala ambiri chaka chilichonse kuposa mmene zinkachitira zaka 20 zapitazo. Koma achinyamatawa akafunsidwa za nthambi imene akufuna kudzakhala akatswiri ake, mayankho awo amangobwerezabwereza: maopaleshoni, matenda a ana, uchembere ndi matenda a amayi, kapena matenda a m'thupi a anthu akuluakulu. Udokotala wa banja, umene m'Chingerezi umatchedwa family medicine, umatchulidwa ndi ochepa kwambiri.

Izi zili chonchi ngakhale kuti maboma akhala akulonjeza kuika patsogolo chithandizo choyambirira cha zaumoyo kuyambira pa msonkhano wa ku Alma-Ata mu 1978, lonjezo limene analibwereza ku Astana mu 2018. Mu 2009 msonkhano waukulu wa bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO unatchula madokotala a banja pa mndandanda wa ogwira ntchito amene mayiko ayenera kuphunzitsa ndi kuwasunga. Mapepala a mfundo alipo ochuluka, koma amene amasankha nthambi ndi wophunzira, ndipo iye amasankha potengera zimene waona ndi kumva m'zaka zisanu kapena zisanu ndi chimodzi za maphunziro ake.

Ntchito yake ndi yotani?

Ku Britain dokotala wa banja amakhala m'kachipatala kake m'dera, ndipo ndi iye amene wodwala amayamba kukumana naye. Amatha kusamalira agogo, mayi ndi mdzukulu a m'nyumba imodzi kwa zaka zambiri. M'mayiko ambiri a mu Africa zimenezi sizingatheke chifukwa madokotala ndi ochepa. Wodwala akafika pa chipatala chaching'ono amakumana ndi namwino, mzamba kapena clinical officer. Dziko la Malawi linayamba kuphunzitsa ma clinical officer mu 1976, ndipo la Mozambique linayamba kuphunzitsa anthu osakhala madokotala kuchita maopaleshoni mu 1984. Anthu amenewa ndi amene akhala akusenza ntchito yaikulu ya m'zipatala za m'maboma.

Chotero dokotala wa banja wa mu Africa ali ndi ntchito yosiyana ndi ya mnzake wa ku Ulaya. Malo ake kawirikawiri ndi chipatala cha m'boma. Ayenera kudziwa kubereketsa mayi kudzera pa opaleshoni, kupereka mankhwala ogonetsa, kusamalira munthu wovulala pangozi ya pamsewu, kusintha ma ARV akasiya kugwira ntchito, kuthandiza mwana wotupa chifukwa cha kunyentchera, ndiponso kutsatira odwala shuga ndi kuthamanga kwa magazi. Pamwamba pa izi amaphunzitsa anzake, amayendera zipatala zing'onozing'ono, ndipo amafufuza chimene chinalakwika mayi akamwalira pobereka. Madokotala a banja a mu Africa atakumana ku Rustenburg m'dziko la South Africa mu 2009 anagwirizana pa chikalata chofotokoza ntchito imeneyi, ndipo anatsindika kuti dokotalayu amagwira ntchito m'gulu, osati payekha.

Nthambiyi ndi yaing'ono pa msinkhu. Ku Nigeria maphunziro ake anayamba kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, ndipo pa yunivesite ya Makerere ku Uganda anayamba mu 1989. Yunivesite ya Moi ku Kenya inayamba mu 2005. Dziko la South Africa, ngakhale linali ndi madipatimenti ophunzitsa nthambiyi kalekale, linaivomereza kukhala ukatswiri wofanana ndi ena mu 2007. Ku Lesotho maphunzirowa anayamba mu 2008, ku Botswana mu 2011, ndipo ku Malawi mu 2015. M'mayiko ambiri mwa amenewa digiri yake imatenga zaka zinayi, monga momwe zilili ndi nthambi zina zambiri.

Mmodzi mwa anthu 1,000

Mu 1961 katswiri wina wa ku America, Kerr White, pamodzi ndi anzake anawerengetsera zimene zimachitikira anthu akuluakulu 1,000 m'mwezi umodzi. Anapeza kuti pafupifupi 750 amamva kudwala kapena amavulala, 250 amakaonana ndi dokotala, 9 amagonekedwa m'chipatala, ndipo mmodzi yekha ndi amene amatumizidwa ku chipatala cha yunivesite. Ziwerengerozi zinachokera ku America ndi ku Britain, ndipo sizingakhale chimodzimodzi ku Chipata kapena ku Tete, koma chithunzi chake sichinasinthe: madokotala amaphunzitsidwa pogwiritsa ntchito wodwala mmodzi uja.

Wophunzira wa ku Blantyre amathera nthawi yake yambiri m'mawodi a chipatala cha Queen Elizabeth. Wa ku Lusaka amakhala ku University Teaching Hospital, wa ku Harare ku Parirenyatwa, wa ku Johannesburg ku Chris Hani Baragwanath kapena chipatala china chachikulu. Kumeneko aliyense womuphunzitsa ndi katswiri wa chiwalo chimodzi kapena gulu limodzi la matenda. Amene amamuyesa mayeso, amene amamulembera kalata yomuchitira umboni, amene amamuona akulemekezedwa poyendera odwala m'mawa, onsewo ndi a nthambi za m'chipatala chachikulu. Dokotala wa banja m'nyumba zimenezi sapezekamo kawirikawiri, chifukwa ntchito yake yambiri ili kwina.

Pali chinthu china chobisika kwambiri. Wodwala wochokera ku chipatala cha m'boma amafika ku chipatala chachikulu pamene zinthu zavuta: opaleshoni sinayende bwino, matenda sanadziwike msanga, kapena ambulansi inachedwa. Amayi mazana amene anabereka bwinobwino ku Ntcheu kapena ku Katete, ndi ana amene anachira malungo n'kubwerera kwawo, wophunzira sawaona. Amaona kalata yotumizira wodwala yolembedwa mothamanga, ndipo amamva mkulu wa wodi akudandaula za "anthu a kuboma". Patapita zaka zingapo amakhulupirira kuti udokotala wa kunja kwa mzinda ndi wa anthu olakwitsalakwitsa, pamene iye waona zolakwika zokhazokha chifukwa ndi zimene zimakwezedwa mu ambulansi.

Mu 1995 ofufuza a ku America otsogoleredwa ndi Carole Bland anasanthula kafukufuku wambiri wa nkhaniyi ndipo anapeza kuti ophunzira ambiri amalowa sukulu ali ndi chidwi ndi chithandizo choyambirira, koma chidwicho chimazirala, makamaka m'zaka zimene amayamba kugwira ntchito m'mawodi. Sukulu yokhayo ndi imene imachichepetsa.

Maphunziro osalembedwa

Akatswiri a zamaphunziro amasiyanitsa zimene zili pa ndondomeko ya maphunziro ndi zimene wophunzira amatola m'makhonde. Frederic Hafferty, katswiri wa chikhalidwe cha anthu, anatchukitsa mfundoyi m'sukulu za udokotala m'zaka za m'ma 1990. Ndondomeko ikhoza kunena kuti nthambi zonse ndi zofunika mofanana, koma wophunzira wakhama akauzidwa ndi mphunzitsi wake kuti nzeru zake n'zosayenera kukatayidwa kumudzi, phunziro limene amalisunga ndi lachiwirilo. Ku Britain, kumene madokotala a banja ndi ambiri ndipo ndi msana wa zaumoyo, lipoti la mu 2016 lotsogoleredwa ndi Pulofesa Valerie Wass linapeza kuti kunyoza nthambiyi kunali kofala m'sukulu za udokotala ndipo kunkabweza ophunzira. Ngati zimenezi zikuchitika m'dziko limene nthambiyi ili ndi mizu yakuya, nanga kumene inayamba dzulodzuloli?

Mu Africa muno kunyozako kumakhala ndi funso lakelake. Anthu amafunsa kuti dokotala wa banja akusiyana bwanji ndi dokotala wamba amene wangokhalitsa pa chipatala cha m'boma, kapena ndi clinical officer wa zaka 20 pa ntchito amene amachita maopaleshoni a amayi oyembekezera usiku ndi usana. Funsoli si lopusa, ndipo ophunzira amafuna yankho lomveka asanapereke zaka zinayi za moyo wawo. Yankho lake ndi lakuti dokotala wamba amaphunzira mwangozi, malinga ndi odwala amene akumana nawo, popanda womuyang'anira kapena kumuyesa, pamene katswiri wa banja amaphunzitsidwa mwadongosolo ndipo amakonzekeretsedwa kutsogolera ndi kuphunzitsa gulu lonse. Koma yankho limeneli limakhutiritsa munthu amene waona kusiyanako ndi maso ake.

Ngakhale dzina lenilenilo limasokoneza. M'Chichewa, mawu akuti banja akaoneka pa chikwangwani cha chipatala, anthu ambiri amaganiza za kulera, ndipo kusokoneza kotereku kumachitikanso m'Chingerezi. Wachinyamata amene makolo ake anagulitsa ng'ombe kapena fodya kuti aphunzire, ndipo mudzi wonse ukuyembekeza kumva kuti wakhala katswiri, amavutika kufotokozera amalume ake za ukatswiri umene si wa mtima, si wa maso, si wa mafupa. Mawu akuti "wa maopaleshoni" safuna kumasulira.

Malipiro, ndi mpando umene mwina kulibe

Ku United States nkhani ya ndalama ndi yoonekeratu. Ophunzira amatuluka sukulu ndi ngongole zazikulu, ndipo akatswiri a nthambi zina za maopaleshoni amalandira ndalama zowirikiza kawiri kapena kuposerapo poyerekeza ndi madokotala a banja. M'chigawo chino nkhaniyi ili ndi mbali ziwiri. Pa ntchito ya boma ku South Africa, katswiri wa banja ali pa mulingo wa malipiro wofanana ndi akatswiri ena. Kusiyana kumabwera ndi ntchito ya padera. Wochita maopaleshoni wokhala mu mzinda amatha kuona odwala olipira madzulo kapena Loweruka m'zipatala zomwe si za boma, kumene opaleshoni imodzi imalipidwa kuposa kukambirana ndi odwala ambiri. Dokotala wa pa boma lakutali alibe msika wotero.

Chachikulu kuposa malipiro ndi mpando weniweniwo wa ntchito. Unduna wa zaumoyo uliwonse uli ndi mndandanda wa maudindo ovomerezeka ndi a zachuma, ndipo m'mayiko ambiri mndandandawu unakonzedwa pa nthawi imene akatswiri onse ankaikidwa m'zipatala zikuluzikulu zokha. Yunivesite ikhoza kuyambitsa digiri, khonsolo ya madokotala n'kuivomereza, koma ngati pa chipatala cha m'boma palibe udindo wa katswiri, womaliza maphunziroyo amabwerera pa giredi yake yakale, kapena amapatsidwa ntchito ya mu ofesi, kapena amapita ku bungwe lomwe si la boma. Ophunzira a m'munsi amaona zonsezi. Amafunsana kuti uje anamaliza uja ali kuti tsopano, ndipo yankho lake limalemera kuposa nkhani iliyonse imene angamve m'kalasi.

Dziko la Rwanda ndi chitsanzo chimene aphunzitsi a nthambiyi amachitchula kawirikawiri. Maphunziro a udokotala wa banja anayamba kumeneko mu 2008, koma anaimitsidwa patangopita zaka zochepa pamene boma linasankha kuika patsogolo akatswiri a m'zipatala zikuluzikulu. Boma limenelo linali ndi zifukwa zake, pakuti dziko lopanda madokotala okwanira a maopaleshoni ndi a ana liyenera kusankha poyambira. Koma kwa wophunzira wa m'dziko loyandikana nalo, uthenga wake unali wakuti nthambi yatsopano ikhoza kutsekedwa munthu ali pakati pa ulendo.

Palinso nkhani ya pasipoti. Ophunzira ena amayeza nthambi poona ngati digiri yake ingawatsegulire khomo kunja. Apa zinthu sizili mbali imodzi: madokotala ambiri ophunzitsidwa ku South Africa akhala akugwira ntchito ya udokotala wa banja m'madera akumidzi a ku Canada ndi ku Australia, kumene luso lawo lochita zinthu zosiyanasiyana limafunidwa kwambiri. Luso lomwelo limene likusowa ku Eastern Cape ndi limene likugulidwa ku Saskatchewan.

Ku Ulaya ndi ku America nthambiyi imakopanso anthu ofuna maola odziwika a ntchito, makamaka amene akulera ana. Chokopa chimenechi sichigwira ntchito kwenikweni pa chipatala cha m'boma cha mu Africa, pamene dokotala akhoza kudzutsidwa usiku uliwonse chifukwa palibe wina womulandira. Kuwonjezera apo pali mafunso amene sakhudza udokotala n'komwe: ana adzaphunzira sukulu iti, mwamuna kapena mkazi adzapeza ntchito kuti, nyumba ya boma ili ndi madzi ndi magetsi kapena ayi.

Amene amasankhabe

Komabe alipo amene amasankha, ndipo zambiri za iwo n'zodziwika. Kafukufuku wa Bland uja anasonyeza kuti ku America amene ankasankha chithandizo choyambirira kawirikawiri anali okulirapo pa msinkhu, a pabanja, ana a makolo osakhala madokotala, okonda kuona odwala a mitundumitundu, ndiponso osatengeka kwambiri ndi ulemu kapena makina apamwamba. Mu 2010 bungwe la WHO linatulutsa malangizo a mmene mayiko angasungire ogwira ntchito zaumoyo kumidzi, ndipo imodzi mwa mfundo zake zamphamvu inali yakuti sukulu zizisankha ophunzira ochokera kumidzi komweko, chifukwa iwo ndi amene amabwererako kuposa anzawo a m'tauni.

Mfundoyi inayesedwa pa chipatala cha Mosvold ku Ingwavuma, kumpoto kwa KwaZulu-Natal, kufupi ndi malire a Eswatini ndi Mozambique. Mu 1999 Dr Andrew Ross, dokotala wa banja, anayambitsa thumba lolipirira achinyamata a m'deralo maphunziro a zaumoyo, pa mgwirizano wakuti azigwira ntchito pa chipatalapo pa tchuthi ndiponso adzabwerere akamaliza. Ntchitoyi, imene pambuyo pake inatchedwa Umthombo Youth Development Foundation, yatulutsa madokotala, anamwino ndi akatswiri ena mazanamazana. Kubwerera kumudzi sikutanthauza kusankha udokotala wa banja, koma ndi khomo lake lalikulu. Vuto ndi lakuti malo a m'sukulu za udokotala amaperekedwa potengera magiredi a sayansi, ndipo magiredi abwino amachuluka m'sukulu zimene zili ndi malabotale ndi aphunzitsi okwanira. Mwana wa pa sukulu yoyendera ya kumudzi amagwa pa mpikisano asanafike ndi pakhomo pomwe.

Njira yachiwiri ndi kuchotsa wophunzira m'chipatala chachikulu kwa nthawi yokwanira. Yunivesite ya Stellenbosch inatsegula sukulu ya Ukwanda ku Worcester mu 2011, kumene ophunzira ena a chaka chomaliza amakhala chaka chathunthu m'zipatala za kunja kwa Cape Town, ena a iwo pa zipatala za m'maboma moyang'aniridwa ndi madokotala a banja. Ku Malawi, College of Medicine, imene kuyambira mu 2021 ili mbali ya Kamuzu University of Health Sciences, inayamba mu 2011 kuphunzitsa udokotala wa banja kwa ophunzira a chaka chachinayi, ndipo chipatala cha boma cha Mangochi ndi cha mishoni cha Nkhoma ndi ena mwa malo amene nthambiyi yakhala ikuphunzitsidwira. Pa malo otere wophunzira sakhala wa nambala 15 pa mzere wozungulira bedi. Amafunsa wodwala yekha, amasoka bala, amathandiza pa opaleshoni, ndipo amatha kumuonanso wodwala yemweyo patapita mwezi atachira.

Koma mankhwala omwewa akhoza kupweteka. Wophunzira akatumizidwa ku chipatala chimene mulibe womuphunzitsa, mulibe magolovesi, ndipo malo ogona ndi odontha, amabwerako atatsimikiza zonse zoipa zimene anamva m'makhonde. Masabata anayi oipa amaposa kusapita n'komwe pa kuwononga. Chimene chimasintha maganizo si mtunda wochokera mu mzinda, koma kukumana ndi dokotala waluso amene ntchito yake ikuyenda ndipo anthu akumulemekeza. Apa ndi pamene kuchepa kwa msinkhu wa nthambiyi kumaluma kwambiri: ophunzira sangakopeke popanda zitsanzo, ndipo zitsanzo sizingachuluke popanda ophunzira.

Zimene zachitika ndi ophunzira a ku South Africa otumizidwa ku Cuba zikusonyeza mphamvu ya malo amene munthu amamalizira maphunziro. Kuyambira kumapeto kwa zaka za m'ma 1990, boma lakhala likutumiza achinyamata ochokera m'madera osauka kukaphunzira udokotala ku Cuba, dziko limene kuyambira mu 1984 linamanga zaumoyo wake pa dokotala wa banja ndi namwino wokhala pakati pa anthu. Akabwerako amayenera kukhala miyezi pafupifupi 18 m'mayunivesite a kwawo kuti azolowere matenda ndi kagwiridwe ka ntchito ka m'zipatala zikuluzikulu. Kuzolowera kumeneku n'kofunikadi, chifukwa HIV, chifuwa chachikulu ndi mabala a ziwawa za ku South Africa n'zosowa ku Havana. Koma kumatanthauzanso kuti mawu omaliza pa maphunziro awo amanenedwa ndi chipatala chachikulu.

Chinthu china chimene aphunzitsi a m'chigawo chino amachiona n'chakuti ambiri olowa nthambiyi sasankha ali pa sukulu. Amasankha pambuyo pake, atagwira ntchito zaka zingapo pa chipatala cha m'boma kapena cha mishoni, atakumana ndi usiku umene anafunika kukhala dokotala wa ana, wa amayi ndi wa mafupa pa nthawi imodzi, n'kuzindikira malire a zimene ankadziwa. Ku South Africa, chaka chokakamizidwa chotumikira anthu chimene madokotala atsopano akhala akuchita kuyambira mu 1998 chimaika ambiri pa malo otere. Ena chimawathamangitsa, ena chimawagwira. Izi zikutanthauza kuti kufunsa ophunzira a chaka chomaliza zimene akufuna sikupereka chithunzi chonse, ndiponso kuti maphunziro olola munthu kuphunzira ali pa chipatala chake, osasamutsa banja kupita ku mzinda, ali ndi mwayi wokopa anthu amene anakhazikika kale kumeneko.

Nduna za zachuma nazo zili ndi funso lawo, lakuti ndalama zolipira katswiri mmodzi wa banja zikanatha kulemba ma clinical officer kapena anamwino angapo. Ochirikiza nthambiyi amayankha kuti gulu lopanda mtsogoleri waluso limatumiza ku mzinda odwala amene akanathandizidwa pomwepo, ndipo ulendo uliwonse wa ambulansi uli ndi mtengo wake, ku boma ndi ku banja limene liyenera kupeza womudikirira wodwalayo kutali ndi kwawo. Mkanganowu ukuchitika pa nthawi imene matumba a boma ndi opanikizika. Kumayambiriro kwa 2024, madokotala mazanamazana a ku South Africa amene anali atamaliza chaka chawo chotumikira anthu anali opanda ntchito, ndipo ena anachita zionetsero ku Pretoria ndi ku Pietermaritzburg, pamene zipatala za kumidzi za m'dziko lomwelo zinali ndi mipando yopanda anthu imene inalibe ndalama zolipirira.